Kayaki ikulemera pamadzi koma mng'alu sukuoneka, oyendera ali pafupi

Wa ku Chembe:
Akuluakulu, ndithandizeni nzeru. Ndagula makayaki (timabwato topalasa) apulasitiki 6 ogwiritsidwapo kale ntchito, okhala pamwamba aja, ndipo ndikufuna mapepala akhale m'malo ndisanayambe kubwereketsa alendo. Imodzi ikundisowetsa tulo. Ikangopita ku chilumba cha Thumbi n'kubwerako, anyamata awiri amalephera kuinyamula, madzi ali tho m'kati. Ndaiyang'ana paliponse, mng'alu sindikuuona. Ndingoimata faiba pansi ponse?

Wa ku Nkhata Bay:
Ayi achimwene, mutaya ndalama pachabe. Pulasitiki ya makayaki amenewo ndi polyethylene, faiba ngakhale guluu sizigwirapo, zimamatuka sabata isanathe. Yambani mwapeza pomwe pakulowa madzi. Tsegulani kachitsekero kotayira madzi kumbuyoko, mupoperemo mpweya pang'ono ndi pampu ya njinga, mnzanu azipaka thovu la sopo thupi lonse. Pomwe thovu likufufuma ndi pomwepo. Musapope kwambiri, mungaiphulitse msoko. Muyambire m'mabowo otulutsira madzi apakati pa miyendo aja, amang'aluka m'kati momwe diso silifika. Kenako msana wa kumbuyo, umene umadyeka anyamata akamaikoka pamchenga.

Mayi wa ku Senga Bay:
Akunena zoona. Yanga inali pa tizitsulo togwira zingwe, kabowo ngati ka singano. Powotcherera, dulani tizidutswa ta chigubu cholembedwa HDPE kapena nambala 2 pansi pake, musungunulire pamng'alupo zonse ziwiri zikufewa pamodzi. Koma mwanangu, ine nkhawa yanga ili pa majaketi oyandamitsa munthu pamadzi. Simunawatchule n'komwe.

Wa ku Chembe:
Alipo 10 amayi, anabwera ndi makayakiwo. Mtundu unasuluka koma sanang'ambike.

Mayi wa ku Senga Bay:
Kusuluka kumeneko ndi dzuwa, ndipo dzuwalo ladyanso malamba ndi ulusi. Kokani lamba aliyense mwamphamvu, mumange ndi kumasula zomangira zonse. Kenako muvale nokha mulowe m'madzi ofika m'khosi, mupinde miyendo. Chibwano chikamira kapena jaketi likakwera m'makutu, lichotseni pamzere. Muwerengenso chizindikiro: olembedwa 50N amangothandiza munthu wodziwa kusambira ali pafupi ndi gombe, a 100N ndiwo amanyamula bwino mutu. Ambiri obwera pa holide kuchokera ku Lilongwe ndi Blantyre sadziwa kusambira, ndipo sanena, amachita manyazi. Ana akhale ndi awoawo, la munthu wamkulu mwana amangovukamo.

Mkulu wa ku Monkey Bay:
Za mapepala musamvere m'maluwa. Kuyeza ndi kulembetsa zombo ndi ntchito ya Dipatimenti ya Marine, motsata lamulo la Inland Waters Shipping Act. Bwerani ku ofesi kuno nokha, munene kuti makayaki ndi angati, opanda injini, obwereketsa, akupatseni mndandanda wa zofunika cholemba. Laisensi ya ntchito yokopa alendo ndi ina, ya ku akuluakulu oona za Tourism. Musaiwalenso kuti zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo zili m'paki ya Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980, ndiye mlendo aliyense wopita uko alipire yolowera.

Chimene ndimalimbikira ine ndi kaundula. Kayaki iliyonse ikhale ndi nambala yaikulu yapenti, mulembe amene watenga, nthawi, komwe walowera ndi nthawi yobwerera. Kwanuko mwera umachokera kumtunda, pagombe pamaoneka bata pomwe ukukankhira munthu pakati pa nyanja. Juni ndi Julayi boti la injini lizikhala lokonzeka, mafuta alimo.

Wa ku Chembe:
Zikomo kwambiri makolo anga. Thovu latulukira m'bowo la kumanzere, mng'alu wautali ngati chala. Majaketi 4 alephera m'madzi, ndadula malamba ake kuti asabwerere pamzere. Lolemba m'mawa ndili ku Monkey Bay. Achimwene a ku Nkhata Bay, m'bowo mopanikiza chonchi mumalowetsamo chitsulo chanji powotcherera?

Wa ku Nkhata Bay:
Sikuludilaiva yakale, muitenthe pambaula mpaka izisungunula pulasitiki, koma isafiire. Mukamaliza mupakenso thovu musanaiike pamadzi.