Zotsatira pa madigadi akutsogolo a Dodge WC-51

Funso linali loti madigadi ya kumanzere pa Dodge WC-51, galimoto ya asilikali a America ya 1942 mpaka 1945, ikukana kukhala bwino: mabowo a mabawuti sakukumana, ndipo boneti ikukhula penti. Vuto lapezeka. Chitsulo chochirikiza madigadi kunsi chinapindika, komanso pamene chimagundana ndi madigadi panadyeka ndi dzimbiri chifukwa matope amakhalira pomwepo.

Podyekapo dulani mpaka mufike pa chitsulo chabwino. Chigamba chikhale chokhuthala mofanana ndi madigadiyo, ndipo chilowe m'bowomo ndendende. Chosanjika pamwamba chimasunga madzi. Wotchererani madontho otalikirana mamilimita 25, kudumphadumpha, ndi kudikira kuti pazizire. Mukawotcherera mzere umodzi osapuma, chitsulo chimafufuma ndi kutentha, ndipo pamalo osalala otere chilema chimaonekera patali. Koma musanawotcherere, yambani mwawongola chochirikiza chija, muyeze ndi cha kumanja.

Pomanga, lowetsani mabawuti onse ndi dzanja, osalimbitsa ngakhale limodzi. Tsekani boneti, onani mpata wa pakati pa boneti ndi madigadi mbali zonse ziwiri, kenako mangani pang'onopang'ono. Mpata ukakhala wopendekeka, onani ngati redieta yakhala mowongoka musanakuze bowo lililonse.

Mabawuti ake ndi a mainchi. Bawuti ya M8 (ya mamilimita 8) imaoneka ngati ikulowa pa nati ya 5/16 ya inchi, koma imadya mazinga a nati. Pakani pulaimala (penti woyambira) ndi penti kunsi madigadi isanakwere, chifukwa pambuyo pake burashi sifikako.