Amene munachitidwapo opaleshoni yochepetsa chifu, ndithandizeni

Abale ndi alongo, patha miyezi 4 chichitidwireni opaleshoni yochepetsa chifu kuno ku Johannesburg. Thupi latsika ndithu, shuga nayenso wayamba kukhala bwino, koma kudya kwandivuta. Ndikangodya nthongo ziwiri za nsima imandikhala pachifuwa ngati mwala, nthawi zina mpaka kusanza. Adokotala anati ndiziyamba ndi ndiwo monga nsomba, mazira ndi nyemba, madzi ndizimwa patapita mphindi 30 nditadya. Ndikutsatira, koma tsitsi likuthothoka kwambiri ndipo ndili ndi mantha.

Inu amene munadutsamo, tsitsi linasiya liti kuthothoka? Nanga nsima munayambiranso liti? Chimene chikundipweteka mtima n'chakuti pamaliro kapena paukwati anthu amaona ngati ndikunyoza chakudya chawo. Mumawauza zotani kuti asakhumudwe?