Mabuku achikondi ndi matsenga a panyanja yamchere: amatikoka ndi chiyani ife a ku Lusaka?

Amake Chisomo, Kabwata

Anzanga okonda kuwerenga, tandithandizani maganizo. Pali mtundu wa mabuku umene wandilowa m'magazi chaka chino: nkhani zachikondi zosakanikirana ndi matsenga ndi zoopsa, zochitikira pa chombo pakati pa nyanja yamchere. Mumapezamo kaputeni wotembereredwa amene sangaponde kumtunda, mtsikana wothawa ukwati womukakamiza, ndi zamoyo zapansi pamadzi zimene zimaimba usiku mpaka amalinyero kudziponya okha m'mafunde. Ena ndimawerengera pafoni ndikatseka shopu yanga yosoka, ena ndimagula kwa anyamata oyala mabuku akale m'tauni.

Chondizunguza mutu n'chakuti Zambia ilibe gombe la nyanja yamchere. Kuti ukaione, kakwere sitima ya pamtunda ya TAZARA ku Kapiri Mposhi, uyende makilomita 1,860 mpaka Dar es Salaam. Ine madzi aakulu amene ndinawaonapo ndi a damu la Kariba ku Siavonga basi. Nanga n'chifukwa chiyani mtima umandigunda ngati ndinabadwira padoko?

Ganizo langa ndi ili. Kwathu kuno chikondi sichikhala cha anthu awiri okha. Pali ankhoswe, alangizi, azakhali, a kumpingo. Mukayambana, wina amalongedza n'kukwera basi ya ku Chipata, akuluakulu n'kukhala pansi kukukambirani. Sindikunyoza ayi, ankhoswe apulumutsa mabanja ambiri. Koma pa chombo palibe kothawira, palibenso wokulankhulira. Anthu awiri amene sagwirizana amadzuka n'kupezanabe pa matabwa omwewo, madzi akumwa akutha, namondwe akubwera. Mawu ayenera kutuluka pakamwa pa mwini wake.

Pali ndime ina imene sinandichoke m'mutu. Thanga lang'ambika usiku, mtsikana uja akulisoka, kaputeni wamugwirira nyali. Nsalu yokhuthala choncho ndimaidziwa: singano siyilowa ndi chala, umaikankha ndi chikhatho utavala kachikopa, ulusi utaupaka phula. Magazi atayamba kudontha padzanja la mtsikanayo, mwamunayo sanamuuze kuti asiye, poti akasiya onse amira. Anangoyandikitsa nyali. Pamenepo ine ndinagwetsa misozi. Enanu chimakukokani n'chiyani?

A Phiri, Matero

Mayi, ine ndinaphunzitsa mbiri yakale kusekondale, ndiye ndiyankha monga mphunzitsi. Kaputeni wanuyo ndi mdzukulu wa nthano ya azungu ya Flying Dutchman, chombo chimene amati chimangozungulira cha ku Cape of Good Hope osafika padoko. Ena poifotokoza amati mwini wake amaloledwa kutsika kumtunda kamodzi pa zaka 7, kukafuna mkazi amene angamukonde mpaka imfa, kuti temberero lichoke.

Koma musamati ife tilibe zathu. Pamene munaima ku Siavonga paja mpamene pali nkhani yaikulu. Atonga amati mu Zambezi muli Nyaminyami, mzimu wa mutu wa nsomba ndi thupi la njoka. Damu la Kariba linamangidwa kuyambira 1955 mpaka 1959, ndipo anthu pafupifupi 57,000 anasamutsidwa m'chigwa cha Gwembe ndi tsidya linalo, kusiya minda ndi manda a makolo. Mu 1957 ndi 1958 madzi anasefukira koopsa n'kuwononga ntchito yomanga. Akuluakulu a kumeneko amati khomalo linamulekanitsa Nyaminyami ndi mkazi wake, ndipo nthaka ikamagwedezeka ndiye kuti akulimbana nalo kuti akamupeze. Chikondi, mkwiyo, madzi akuya, imfa, zonse zilimo. Mabuku anuwo sanakubweretsereni njala yachilendo, anaipeza ilipo kale.

Nabanda, Chawama

Achemwali, ndimawerenga nawo, koma ndinene zimene zimandiwawa. Mabuku ambiri amtunduwu amayamba ndi mkazi wogwidwa, watsekeredwa m'chipinda cha pansi pa chombo, kenako akuti wayamba kumukonda womugwirayo. Ine ndikafika pamenepo ndimatseka. Ndinakulira pafupi ndi nyumba imene bambo ankakhoma chitseko ndi loko kunja akamapita kuntchito, mkazi ali m'kati. Palibe chokoma pamenepo, ngakhale mwamunayo akhale wa maso okongola bwanji.

Komanso tisaiwale kuti anthu athu anakwerapo zombo atamangidwa. Ku Nkhotakota, m'nthawi ya Jumbe, Mswahili wogulitsa akapolo, akapolo ankawolotsedwa nyanja ya Malawi pa zombo zamatanga, n'kuyenda pansi mpaka ku Kilwa, ena n'kukagulitsidwa ku Zanzibar. Wolemba akamakometsa chombo cha achifwamba osanena chimene chili pansi pa matabwa, ine ndimafunsa kuti mwanyamula ndani mmenemo.

Amake Chisomo, Kabwata

Nabanda, mwanena zoona, ndipo za ku Nkhotakota zandikhudza. Nanenso si onse amene ndimawamaliza. Amene ndimasunga ndi aja amene mkazi ali ndi chimene chombo sichingayende popanda iye: amawerenga nyenyezi, kapena ndi yekhayo amene amamva chinenero cha zam'madzi zija. Zikatero kaputeni ayenera kupempha, osati kulamula, ndipo mpiringidzo wa chitseko umakhala m'kati, m'manja mwa mkaziyo. Choopsa chizikhala nyanja ndi temberero. Mwamuna akakhala ndiye choopsacho, bukulo sindingamupatse mwana wanga wamkazi.

A Phiri, zikomo bambo. Nkhani ya Nyaminyami ndinkaidziwa mwapatalipatali, za mkazi wake ndamva lero.

Mwale wa kapenta, Soweto Market

Ine ndimakagula kapenta ku Mpulungu. Amene akufuna kulemba yathuyathu, chombo chilipo kale pa nyanja ya Tanganyika, dzina lake Liemba. Chinapangidwa ku Germany mu 1913, eni ake anachimiza dala mu 1916 nkhondo itawavuta, chinakhala pansi pa madzi zaka zingapo, kenako chinavuulidwa n'kuyambanso kunyamula anthu mu 1927. Chombo chofa n'kudzuka, amake Chisomo. Mukayamba kulemba mundiuze, ndidzakufotokozerani mmene asodzi amayatsira nyali pamadzi usiku kuti kapenta akwere, ndi mmene mphepo ikasintha aliyense amadula nkhani n'kugwira chingwe.