Corolla yanga ikumwa madzi koma pansi sipakunyowa, ndipo yawira pa Thabwa

Bambo a Tamanda, Chilomoni

Akuluakulu odziwa za galimoto, ndithandizeni maganizo ndisanataye ndalama. Ndili ndi Toyota Corolla ya 1997, injini ya 5A-FE, ya magiya apamanja. Inali ya malemu achimwene anga, ndiye sindifuna kuti ifere m'manja mwanga. Ndimayenda nayo kawiri pa mwezi kupita ku Nchalo kukaona mayi.

Chiyambire Ogasiti madzi a m'radiyeta akumatsika. Ndikadzaza Lolemba m'mawa, pofika Lachinayi pamalowa theka la lita. Ndayala katoni pansi pa injini usiku kangapo konse, m'mawa ndimaipeza youma gwa. M'tauni geji ya kutentha kwa injini imakhala pakati, ngakhale pamdipiti wa magalimoto pa Ginnery Corner imangosuntha pang'ono n'kubwerera.

Loweruka lapitali tinanyamuka ku Nchalo cha m'ma 1 koloko, dzuwa likuswa mtengo, anthu anayi ndi matumba awiri a mpunga kumbuyo. Titadutsa pa Thabwa n'kuyamba chikweza, ndili pa giya 2, singano inayamba kukwawa. Tisanafike pakati pa phiri inali itatsala pang'ono kugunda pofiira. Ndinapatuka n'kuzimitsa. Pansi pa boneti pankamveka kubwata ngati mphika wa nyemba, ndipo kabotolo ka pambali, kolandira madzi ochokera m'radiyeta kaja, kanali katadzaza mpaka kusefukira. Tinadikira mphindi 40, ndinathira malita awiri amene mnyamata wina wogulitsa makala anatitungira, n'kukwera mwakachetechete mpaka pa Chadzunda.

Makaniki wa kuno wati achotse thermostat, zikakanika ndiye kuti ndi gasiketi yomata hedi (mutu wa injini) ku thunthu la injini, atsegule hediyo. Mtima wanga ukukana, chifukwa sanayeze kalikonse, anangofinya paipi ya pamwamba basi. Ndinene zoona, kwa zaka zitatu ndakhala ndikuthira madzi a pampopi, nthawi zina a pamjigo. Oyilo akuoneka bwino, utsi woyera kuekizozi sindikuuona. Ndiyambire pati?

Dalaivala wa Hiace, Limbe

Bambo, aloleni achotse thermostat. Zimenezo anapangira mayiko ozizira, kuno n'zongotsekereza madzi. Yanga inachotsedwa kalekale ndipo ku Chikwawa ndimatsika tsiku ndi tsiku. Ngati pali kabowo kakang'ono, ena amaswera dzira laliwisi m'radiyeta, limatseka.

Makaniki wachikulire, Ndirande

Bambo a Tamanda, munachita bwino kuima ndi kuzimitsa. Hedi ya injini imeneyo ndi ya aluminiyamu, ikapsa imapindika, ndipo zambiri zimene ndatsegulapo zinapindika pa kamtunda kamene munthu amati ndingofika pamwamba kaye.

Koma achimwene a Hiace ndisiyana nawo. Thermostat siimwa madzi. Ntchito yake n'kutseka njira ya ku radiyeta injini ikadali yozizira, n'kutsegula madzi akafika madigiri 82. Mukaichotsa, theka la lita lija lizipitabe komwe likupita, kuwonjezera apo injini izichedwa kufunda m'mawa ndipo kompyuta yake izithira petulo wambiri poyesa kuti ikadazizira. Ngati mukuikayikira, iikeni m'poto wa madzi pamoto. Iyenera kuyasama madzi asanawire. Ikakana mugule ina, osasiya malo ake pululu. Dzira lokha ayi ndithu. Timachubu ta radiyeta n'topyapyala, chimene chatseka bowo chitsekanso njira ya madzi.

Mawu amene ndawagwira m'zimene mwalembazi ndi akuti kabotolo kanasefukira. Yambani ndi chivundikiro cha radiyeta. Anthu amachiyesa chotsekera wamba, koma mkati mwake muli sipuling'i ndi timavalavu tiwiri. Pamwamba pake muona palembedwa 0.9, umenewo ndi muyezo wa mmene chimapanikizira madzi. Madzi opanikizidwa chotero sawira mpaka atapitirira madigiri 115. Chivundikiro chikafooka amawira asanakwane n'komwe 100, pajatu kuno ndi kumtunda. M'tauni injini yanu siifika pamenepo, n'chifukwa chake simuona kanthu. Pa Thabwa mumachoka m'chigwa cha Shire n'kukwera mamita pafupifupi 900, pa giya yotsika, ndi katundu, mphepo yolowa kutsogolo ili yotentha kale. Madzi amabwata, nthunzi n'kuwakankhira m'kabotolo. Kavalavu kachiwiri ndi koti injini ikazizira iyamwenso madzi aja kubwerera. Raba ikang'ambika imayamwa mpweya, radiyeta n'kutsala yoperewera pamene kabotolo kali tho.

Katoni youmayo isakunamizeni. Kamng'alu kakang'ono kamatulutsa pokhapokha injini yatentha, ndipo dontho likagwera pachitsulo chamoto limauma pomwepo. Chimene limasiya ndi mkwasa woyera kapena wadzimbiri, ngati zija zimamatirira m'ketulo. Tengani tochi injini ili yozizira, musakesake mkwasa umenewo. Malo oyamba ndi msoko wa thanki ya pulasitiki ya pamwamba pa radiyeta, pamene yalumidwa ndi timano tachitsulo, komanso khosi lokhalapo chivundikiro. Pulasitiki ya zaka zoposa 20 imafuwira n'kuyamba kung'aluka. Kenako pomangira mapaipi onse, osaiwala tiwiri ta hita topita kukhoma la kumbuyo kwa injini, ndipo mugwire kapeti wa kutsogolo ngati sali chinyontho. Pampu ya madzi ili ndi kabowo pansi pake kamene kamadontha silo yotchinga madzi mkati mwake ikatha. Ndipo poti mwatchula madzi a pamjigo, yang'ananinso ma welch plug, tizitsulo tozungulira ngati ndalama tili m'mbali mwa buloko, thunthu la injini lija. Dzimbiri limatidya kuchokera mkati.

Fani nayo muiyese. Pa Corolla zimenezi, mukazula waya wa switch ya fani kiyi ali pa ON, fani iyenera kuzungulira nthawi yomweyo. Bwezeranipo wayayo, musiye injini ilire mpaka muone fani ikudzuka yokha.

Za gasiketi sindikukanirani, chifukwa oyilo wooneka bwino si umboni wokwanira. Gasiketi itha kuphulika pakati pa silinda ndi njira ya madzi osakhudza oyilo. Koma pali poonera musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe. M'mawa injini isanalire, dzazani radiyeta mpaka kukhosi, lizani chivundikiro chili pambali. Tithovu towerengeka poyamba ndi mpweya wotsalira. Thovu losalekeza, lochuluka mukaponda mafuta, limenelo ndiye loipa. Chimodzimodzi paipi ya pamwamba ikalimba ngati tayala injini isanafunde n'komwe. Masulaninso mapulagi onse anayi: ikapezeka imodzi yoyera mbee ngati yachapidwa pamene zinzake zili zofiirira, silinda imeneyo ikumwa madzi. Koposa zonse, pezani galaja imene ili ndi kapampu koyezera radiyeta. Amapopa mpweya injini ili yozizira, bowo limadzionetsa lokha.

Mayi a Yamiko, Area 25

Ine si makaniki, koma ndilankhuleko poti zinatichitikira. Bambo a kunyumba anatsegula chivundikiro galimoto itangowira pa Khwekhwerere, tikuchokera ku Golomoti. Anagwira ndi kansanza, koma madzi anathovoka n'kuwawotcha dzanja mpaka m'chigongono. Chipsera chilipo mpaka lero. Bambo a Tamanda, mphindi 40 zimene munadikira zija musadzazichepetse tsiku lina chifukwa chofulumira. Ndipo injini ikadali moto musamaithire madzi ozizira, chitsulo chimatha kung'aluka.

Chimene tinaphunzira n'chakuti singano ikayamba kukwera, zimitsani AC, tsegulani hita mpaka kumapeto ndi mawindo onse. M'galimoto mumasanduka ng'anjo, koma hita ija ndi karadiyeta kakang'ono, imachotsako kutentha mpaka mupeze poima pabwino.

Ifenso tinkati mankhwala osakaniza ndi madzi a m'radiyeta (coolant) ndi a kumene kumagwa chipale. Titasintha pampu tinaona mapiko ake atadyeka ndi dzimbiri, kutsala tizitsa, madzi sankazungulira mokwanira. Mankhwalawo ndi amene amaletsa dzimbiri. Panopa timasakaniza theka ndi theka ndi madzi a batire, oyera aja opanda asidi. Kungoti muwasunge patali ndi ana, ndipo otsala musataye pabwalo. Amatsekemera koma ndi poizoni, galu akanyambita amafa.

Bambo a Tamanda, Chilomoni

Zikomo nonse, makamaka bambo a ku Ndirande. Dzulo ndinatenga tochi n'kuchita monga munanenera. Raba ya chivundikiro ndinaipeza yong'ambika mbali imodzi, youma ngati chikopa chakale. Mkwasa woyera ndinaupeza kuseri kwa thanki ya pamwamba, mbali yoyang'ana ku injini, pamene chimango cha fani chimabisa. Ndikanangoyang'ana kutsogolo sindikanauona.

Lero ndinapita ku galaja ina imene ili ndi kapampu kaja. Atangopopa, singano yake inayamba kutsika ndipo timadontho tinatuluka pamsoko pomwe paja, kamng'alu kotalika ngati chala chaching'ono. Pampu ya madzi ndi youma, fani ikudzuka yokha, thermostat inayasama bwinobwino m'poto ndipo ndaibwezeramo. Thovu palibe, mapulagi onse anayi ndi ofanana. Pamenepo mtima unakhala pansi.

Chimene chinandimvetsa chisoni ndi madzi amene anatuluka titatsegula pansi. Anali ofiira ngati a mumtsinje nthawi ya dzinja, ndipo injini itafunda, pakati pa radiyeta panali pozizira pamene m'mbali munali motentha. Akuti timachubu tambiri tatsekeka. Anandiuza kuti atha kumata mng'aluwo ndi guluu, koma ndasankha kugula radiyeta ina ndi chivundikiro chatsopano cha 0.9, atsuke injini yonse, tithiremo mankhwala monga anenera mayi a Yamiko.

Latsala funso limodzi. Welch plug imodzi, kuseri kwa mapaipi a ekizozi, ili ndi dzimbiri m'mphepete koma sinadonthe poyeza. Ndiisinthiretu kapena ndiisiye?

Makaniki wachikulire, Ndirande

Isinthireni pano madzi akadali otsitsa, bambo. Chivundikiro chatsopano chizipanikiza kuposa chakale chija, ndiye pofooka paliponse paonekera. Akamadzaza, hita ikhale yotsegula kuti mpweya utuluke wonse, ndipo m'mawa mwake muonenso mlingo wa madzi injini isanalire. Ulendo woyamba wa ku Nchalo mubwereko m'mamawa kusanatenthe, mpunga mudzatenge ulendo wachiwiri.