Gulu la "Ana a aNaphiri": za chakudya cha ku Show

Malume Yohane: Mwaswera bwanji nonse. Ulendo wa ku Showgrounds kuno ku Lusaka uja tamanga Lolemba, pa Farmers' Day, poti ndi holide komanso ndi tsiku lotsekera Show, chionetsero cha zaulimi ndi zamalonda chija. Amayi afika Loweruka kuchokera ku Katete, akuti sabwerera asanaone ng'ombe zikuluzikulu zija. Tilipo 14, ana 8. Ya pageti nyumba iliyonse idzionere. Chondisowetsa tulo ndi chakudya.

Amake Taonga: Nenani zimenezo achimwene. Chaka chatha ndinagulira ana tchipisi ndi soseji, kambale kamodzi K90. Tchipisicho ndinachita kuwerenga, tizidutswa 23. Madzi omwe timagula K5 pa kantemba, kumeneko akuti K15. Ndalama ya thumba la ufa inathera pa mbale zitatu, ndipo tisanafike ndi pa Manda Hill pomwe Taonga anayamba kale "amama njala".

Achimwene Dalitso: Mpaka kuwerenga tchipisi amayi aang'ono 😂

Amake Taonga: Ukadzabala udzawerenga nawenso.

Azakhali Esinati: Koma musawatukwane ogulitsa. Ine ndagulitsapo kumpira ndi kumisonkhano ya mpingo, ndikuzidziwa. Usanakazinge ndi mbatata imodzi yomwe walipira kale malo, wakayezetsa kuchipatala kuti upeze pepala logulitsira chakudya, wagula gasi, mafuta, madzi oundana, walemba galimoto yonyamula mafiriji ndi matebulo. Atsikana okuthandiza afuna yawo madzulo omwewo, kaya wagulitsa kaya sunagulitse. Nkhuku zotsala mawa sungaziikenso pa mbale. Zonsezo uzibweze m'masiku owerengeka. Ndiye mtengo ukhala wa pa kantemba bwanji?

Malume Yohane: Ndiye mukuti tikagule kumeneko achemwali?

Azakhali Esinati: Ine? Ndingapenge. Tiphike.

Chisomo: Amalume chonde. Kunyamula mapoto ku Show? Anzanga onse a kusukulu akakhala komweko Lolemba 😭

Achimwene Dalitso: Ukanyamule iweyo pamutu, ndi nkhata yomwe.

Chisomo: Siyani achimwene, ine ndikunena zoona. Tikayale chitenje pakati pa anthu n'kumasenda mazira?

Amake Taonga: Pa mazira pokha mwanayu wanena zoona. Ukatsegula kontena m'basi aliyense amatembenuka. Mazira ayi.

Malume Yohane: Chisomo, amayi atumiza mawu pa foni ya aneba, ndawauza za manyazi akowo. Ndikulembera momwe anenera, poti ena mulibe bando yomvetsera. Akuti: "Mumuuze mdzukulu wangayo kuti ife ku Kulamba ku Mkaika timapita ndi mbatata yathu m'dengu ndi chigubu cha thobwa, ndipo a Gawa Undi sanatithamangitsepo. Amene akamuseke adzabwera okha kudzapempha ntchafu." Akutinso abweretsa mtedza wokazinga ndi mbatata ya kudimba, musagule.

Chisomo: Agogo 🙈 chabwino. Koma kontena ikhale m'chikwama, osati m'pulasitiki yoonekera.

Alamu Grace: Pepani ndinali kutchalitchi, ndangowerenga zonse. Ine ndiphika mpunga wambiri ndi supu.

Azakhali Esinati: Alamu, mpunga usiyeni. Mukauphika 5 koloko m'mawa, n'kuutsekera wotentha m'kontena, kudzadya 13 koloko utachita thukuta padzuwa, ndi umene umatsegula ana m'mimba. Mwaiwala Januwale wa 2024, Heroes Stadium itasanduka chipatala cha kolera? Kuyambira pamenepo ine chakudya cha paulendo ndimafuna chouma. Supu ndiye musayerekeze, adzathera m'chikwama. Nkhuku tiiwiritse ndi mchere ndi adyo, kenako tiikazinge mpaka iume, izizire bwinobwino tisanatseke. Yotero imafika madzulo osasintha fungo.

Alamu Grace: Ndamva alamu. Ndiye ndipange zitumbuwa? Ndi chikanda ndingaitanitse kwa mayi wina kuno ku Mtendere, amapanga chabwino chosachuluka soda.

Malume Yohane: Chikanda chibwere. Cha tsabola padera chifukwa cha ana.

Azakhali Esinati: Nkhuku ndikagula ku Soweto Loweruka m'mamawa, zamoyo zitatu. Zakumudzi zakwera ndipo n'zolimba kwa amayi, mano aja anatha, ndiye nditenga mabroila. Ndikatengeko nthochi ndi malalanje. Makala ndili nawo, ndikazingira pa mbaula Lolemba 4 koloko, za magetsi sindizidalira.

Achimwene Dalitso: Zakumwa? Munkoyo?

Amake Taonga: Munkoyo uja unaphulika m'galimoto ya achimwene popita ku manda, mpando unanunkha mwezi wathunthu. Ukakhutchumuka umafufuma. Tisungunule juwisi kunyumba, tithire m'mabotolo apulasitiki. Madzi nyumba iliyonse iwiritse malita 5, mabotolo ena muwaumitse mufiriji Lamlungu magetsi akakhalapo, agwira ntchito ya madzi oundana kenako tidzamwa omwewo. Fumbi la Ogasiti limaumitsa kukhosi, madzi ndi amene adzatidyere ndalama tikapanda kusamala.

Malume Yohane: Zili bwino. Nyumba iliyonse K120 kwa achemwali pa Airtel Money pofika Lachisanu, nambala mukuidziwa. Lachisanu, osati "ndikupatsani tikakumana". Dalitso, ufunse mnzako uja ali pa sitandi ya mbewu ngati pageti akulola kulowa ndi bokosi lalikulu. Akakana litsala m'galimoto, zouma tigawana m'zikwama za azimayi. Mpeni ndi mabotolo agalasi zitsale kunyumba, zodula zonse mudulire komweko.

Alamu Grace: Ine ndili ndi kamodzi. Ana tisawamane zonse. Mwana kuyenda tsiku lonse akuona anzake akunyambita ayisikilimu, iye tikumupatsa mbatata, adzalira mpaka tidzagula ndithu, mwinanso zodula kuposa. Bwanji aliyense timupatse K25 m'manja, tinene kuti ndi yomweyo, asankhe yekha?

Azakhali Esinati: Pamenepo ndavomera. Ogulitsa nawonso adyeko.

Malume Yohane: K25 kuchulukitsa 8 ndi K200. Imeneyo ndilipira ine. Chisomo uli m'gulu la ana kapena la akuluakulu?

Chisomo: La ana amalume 🙏

Achimwene Dalitso: Manyazi atha msanga.

Malume Yohane: A ku Chawama ndi Kanyama mukwere basi ya ku Chelstone m'tauni, mutsikire pa Arcades. Tikumane 9 koloko, Great East Road ikadzaza simuyenda. Amayi ndibwera nawo ine pa galimoto pamodzi ndi chakudya. Ana muwaveke majuzi, m'mawa kukuzizirabe.

Amake Taonga: Nanga bokosi lozizira lija lili kwa ndani? Labuluu, lachivindikiro choyera. Kwanga linachoka pa maliro mu Epulo.

Alamu Grace: Ine ndinaliona m'buti mwa Dalitso.

Achimwene Dalitso: Lilipo amayi aang'ono, lili bwinobwino. Kungoti munali nsomba za ku Siavonga.

Amake Taonga: Zinalowamo liti?

Achimwene Dalitso: Mu Juni. Koma zinatuluka.

Azakhali Esinati: Ulitsuke ndi sopo ndi mandimu, uliyanike padzuwa chotsegula masiku awiri. Loweruka ubwere nalo kuno ndidzalinunkhize ndekha nkhuku isanalowemo.