Ndimangirire pati choziziritsira oyilo wa giyabokosi chachiwiri?

Akuluakulu odziwa za magalimoto, ndikupempha nzeru zanu. Ndili ndi galimoto yakale ya mu 1969 imene ndinaichotsa injini yake yoyamba n'kuikamo V8 yamphamvu kwambiri pamodzi ndi giyabokosi ya otomatiki. Injini ikuyenda bwino, koma ndikakwera chitunda chachitali, geji ya oyilo wa giyabokosi imafika madigiri 115, pamene ndimafuna kuti izikhala pakati pa 80 ndi 95. Nditasolola kachitsulo koyezera oyilo, ndinapeza kuti kufiira kwake kwayamba kuda ndipo akumveka fungo lopserera.

Pakadali pano oyiloyu amazizirira m'radiyeta mokha. Kodi ndimudutsitse kaye m'radiyeta kenako m'choziziritsira chatsopano asanabwerere ku giyabokosi, kapena ndilambalale radiyeta yonse? Ine ndikuona kuti njira yoyambayo ndi yabwino, chifukwa madzi a injini amathandiza kufunditsa oyilo m'mawa kukazizira.

Chondidetsa nkhawa kwambiri ndi malo, popeza injini yatsopanoyi yadzaza kutsogolo konse. Ndikachimangirira kutsogolo kwa radiyeta, kodi sichitchinga mphepo mpaka injini kuyamba kutentha? Nanga amene munachiika pena n'kuwonjezera fani yamagetsi, zinakuyenderani bwanji?