Njinga yakale yoyendera kuntchito muno mu Zomba: nditenge iti?

Wofunsa, Matawale:

Abale ndi alongo pagulu pano, ndithandizeni maganizo, makamaka inu amene mumadziwa njinga zakapalasa. Ndimakhala ku Matawale, ntchito ndimagwira kumtunda kuja kufupi ndi Botanical Gardens, kumene kuli maofesi akale a boma. Chigwereni kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, ya thiransipoti ikundimalizira malipiro mwezi usanafike n'pakati pomwe. Mafuta akasowa, a njinga zamoto amakweza mtengo, ndipo sindingawanene chifukwa nawonso amachezera pamzere. Ndiye ndaganiza zogula njinga yangayanga. Yatsopano ndalama siikwana, komanso mtima wanga uli pa zakale zija, zachitsulo chenicheni.

Ndapeza zitatu.

Yoyamba ndi Raleigh yakuda ya matayala a mainchesi 28, ili kwa bambo ena ku Songani. Akuti inali ya malemu bambo awo. Aipachika kudenga la khitchini zaka zambiri moti yadzaza mwaye, koma nditapukuta kutsogolo ndi chala panatuluka chizindikiro cha mutu wa mbalame yonga kakowa, cholembedwa Nottingham England. Mabuleki ake ndi a timitengo tachitsulo, osati a kebulo. Magiya ilibe. Chishalo ndi chachikopa, chouma ndi chong'aluka kumbuyo. Malimu achita dzimbiri. Iyi ndi imene ndaikonda, sindibisa.

Yachiwiri ndi ya kaunjika yochokera ku Japan, ya basiketi kutsogolo, felemu yotsika, magiya atatu obisika mu habu ya kumbuyo. Madigadi, nyale ndi chotchinga tcheni zonse zilipo. Koma ndine wamtali, ndipo nditaikwera mawondo amatsala pang'ono kugunda mahandulo. Ndiyo yodula pa zonse.

Yachitatu ndi mountain bike ya magiya ambiri, yotchipa kwambiri, akugulitsa mnyamata wina. Yapakidwa penti yabuluu posachedwapa. Ilibe kaliyala kapena madigadi.

Ndimanyamula chikwama chabe, koma Loweruka ndimafuna kumangirira kathumba ka ufa kapena makala. Nkhawa yanga ndi mitunda ya m'tauni muno, mvula, ndi masipeya. Sindikufuna njinga yomangokhala kwa makaniko. Mukanakhala inu mukanatenga iti?

Wakabaza, Mpondabwino:

Bwana tengani ya 28 basi. Tayala, chubu, sipoko, kotapini, zonse mupeza pamsika uliwonse, kaya ku Thondwe kaya ku Jali, chifukwa ndi zomwe timagwiritsa ntchito ife pa njinga zathuzi za ku India, Hero ndi Avon. Ine ndimanyamula munthu ndi katundu wake pa 28 yopanda giya. Nanga inu wa chikwama chokha?

Mayi wa ku Sadzi:

Achimwene akabaza, inu miyendo inazolowera, ndipo palibe amene amakuyang'anani malaya mukatuluka thukuta. Awa akukalowa mu ofesi. Ine ndimayendera ya ku Japan yomweyo, ndipo magiya atatuwo ndi amene amandifikitsa kuntchito ndisanatope. Siketi kapena thalauzi siida ndi oyilo chifukwa tcheni ndi chotchinga, mvula ikagwa matope safika kumsana. Koma ndinene zoona, kaliyala yake ndi yopepuka, makala musayese. Ndipo ngati yakucheperani, isiyeni. Mawondo adzakupwetekani.

Makaniko wa njinga, Chinamwali:

Akulu, ndilemba motalikirapo chifukwa anthu ambiri amabwera kwa ine atagula kale, ndalama itapita.

Ndiyambe ndi yabuluuyo. Chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Njinga yakale yopakidwa penti yatsopano, mtengo wotsika chonchi, ndimaiopa pa zifukwa ziwiri: mwina akubisa pamene anawotcherera felemu, mwina akubisa mwini wake. Itembenuzeni muone pansi pamene pamalowa kulanki, nambala ya felemu ya njinga zotere imakhala pamenepo. Ngati yafafanizidwa ndi chopalira, chokanipo osatembenuka. Sindikunena kuti mountain bike n'njoipa, ayi. Zachitsulo za m'ma 1990 zija ndi zolimba ndipo pa mitunda ya Zomba palibe yoziposa. Koma magiya akunja amadya tcheni ndi mano msanga m'fumbi ndi m'matope, ndipo mukawonjezera kaliyala ndi madigadi, kutchipa kuja kwatha.

Ya ku Japan, chinthu choyamba werengani nambala pambali pa tayala. Anthu amangoti 26, koma 26 alipo awiri. Wa mountain bike amalembedwa 559 kumapeto, wa njinga zambiri za ku Japan amalembedwa 37-590, kapena 26 x 1 3/8. Salowana ngakhale mukakamize bwanji. Zina zimabwera ndi 27, amene ndi 630. Musanagule, zungulirani m'mashopu m'tauni mufunse ngati tayala la saizi yomweyo lilipo. Magiya a m'habu a Shimano amakhala nthawi yaitali osavuta, koma akafa m'kati, ambiri a ife timangosintha wilo yonse.

Tsopano Raleigh yanuyo. Ya 28 yeniyeni imalembedwa 28 x 1 1/2 kapena 40-635, ndipo akabaza anena zoona, matayala ake ali ponseponse. Koma si sipeya aliyense wa ku India amene amalowa. Raleigh za ku Nottingham zinali ndi mazinga akeake, 26 pa inchi, pamene njinga zambiri zili ndi 24. Izi zili pakhosi pamene pamalowa foloko, ndi pansi pa kulanki. Makaniko wopupuluma akakakamiza kapu ya mtundu wina pamenepo, amawononga mazinga a felemu, ndipo kukonzanso n'kovuta. Nkhani yabwino ndi yakuti makapu akalewo chitsulo chake n'cholimba. Nthawi zambiri timangotsuka ndi parafini, kuika timipira tatsopano ndi girizi, basi yadzuka.

Mukapitanso ku Songani chitani izi. Yendetsani chala pansi pa mapaipi awiri amene amakumana kukhosi. Mukamva kakutupa kapena penti yochita makwinya, njingayo inagundapo chinthu chamaso. Imani pambali muone foloko, isakhale yobwerera m'mbuyo. Masulani nati ya chishalo muone ngati paipi yake ikusuntha, chifukwa ikamamatirana ndi dzimbiri simudzatha kukweza chishalo, ndipo inu mwati ndinu wamtali. Gwirani pedulo mugwedezere m'mbali. Zunguzani mawilo muone ngati akuvina. Dzimbiri la pamwamba musaope, limachoka. Opani lomwe laboola.

Wofunsa, Matawale:

Zikomo kwambiri amakaniko, zonsezi ndazilemba papepala. Nanga za mtunda? Popanda giya ndikafika kumtunda kuja, kapena ndizingokankha?

Makaniko wa njinga, Chinamwali:

Pali njira yotchipa. Zambiri zimabwera ndi mano 44 kapena 46 kutsogolo, 18 kumbuyo. Chotsani filiwilo ya 18 muike ya 20, kapena 22 mukaipeza, tcheni muwonjezere pang'ono. Pamalo athyathyathya muziyenda pang'onopang'ono, koma pokwera imapepuka kwambiri. Potsetsereka simupalasa n'komwe, ndiye simutaya kanthu. Pamalo okwera kwambiri muzitsika n'kukankha, palibe manyazi.

Agogo opuma pa ntchito, Domasi:

Mwanawe, wandikumbutsa kale. Likulu lisanasamukire ku Lilongwe mu 1975, m'mawa misewu ya Zomba inkadzaza makalaliki ndi amesenjala pa Raleigh, Humber ndi Phillips, thalauzi atamanga ndi kachitsulo pa akakolo. Mitunda yake ndi yomweyi, siinasinthe. Tinkakwera. Humber nayonso inali m'manja mwa Raleigh kuyambira 1932, ndipo inkadziwika ndi foloko yake ya mapaipi awiriawiri mbali iliyonse.

Ukayang'ane bwino habu ya kumbuyo. Zina zinali ndi magiya atatu a m'habu a kampani ya Sturmey-Archer, koma anthu anadula kebulo n'kumayenda pa giya imodzi, ana awo osadziwa n'komwe. Ngati habuyo ndi yonenepa ndipo kumanja kwake kwatuluka katcheni kakang'ono kapena pali bowo pakati pa ekiselo, pukuta, uona dzina ndi manambala a chaka ndi mwezi umene inapangidwa. Mtundu wa habu wotchedwa AW anayamba kupanga mu 1936, umangofuna madontho a oyilo pakabowo kake. Giya yoyamba imapepuza ndi gawo limodzi mwa magawo anayi. Chenjezo langa ndi limodzi: ikakhala yosatcheredwa bwino imapulumuka pakati pa giya yachiwiri ndi yachitatu, ndiye usaimirire pa mapedulo usanatsimikize.

Chikopa cha chishalo chikang'ambika pa misomali, chatha. Usalimbane nacho.

Mayi wa ku Sadzi:

Agogo, zonsezo nzabwino, koma palibe amene wanena za mabuleki. Ine pamenepa ndi pamene ndikuopa. Kupita kuntchito ndi mtunda, ndiye kuti pobwerera ndi mtsetse, madzulo, ndipo kuyambira November mpaka April mvula ya Zomba mukuidziwa. Limu yachitsulo ikanyowa, mphira imangoterera kaye isanagwire. Ndinaonapo bambo wina akutsika kulowera ku msewu waukulu wa M3 akukwekwesa nsapato pansi, mabuleki atafinya onse awiri, maso ali pa maminibasi. Anapulumuka chifukwa woyendetsa galimoto anamuona msanga. Achimwene, muli ndi ana kunyumba. Kukongola kwa njinga kusakuiwalitseni zimenezi.

Makaniko wa njinga, Chinamwali:

Mayi anena zoona ndipo sinditsutsa. Limu ya aluminiyamu imagwira bwino m'madzi kuposa yachitsulo. Ya timitengo imathekabe ngati limu ili yowongoka, mphira zili zatsopano ndipo zatcheredwa pafupi, komanso wokwera akuyamba kufinya patali kuti madzi achoke. Koma ikakhala yovina, simungaitchere pafupi, ndiye ngozi ili pomwepo.

Wophunzira, Chikanda:

Pali mtundu wina umene simunautchule. Njinga zimene ankayendera a positi ku Britain, za Royal Mail, zopangidwa ndi Pashley. Zambiri zinabwera kuno kudzera ku bungwe la Beehive ku Chilomoni mu Blantyre, ndipo zina anthu amagulitsana. Mabuleki ake ali m'kati mwa habu, ndiye mvula siwakhudza, magiya atatu alipo, kaliyala yolimba kutsogolo ndi kumbuyo. Ndi zolemera ndithu. Koma mukaipeza pamtengo wofanana ndi ya ku Japan ija, iganizireni.

Wakabaza, Mpondabwino:

Njinga ya Buffalo yogwiritsidwapo kale ntchito nayonso, kaliyala yake inapangidwira makilogalamu 100. Kungoti amene ali nayo sagulitsa wamba.

Bambo wa ku Three Miles:

Ine yanga inabedwa masana panja pa shopu, nditangolowa kukagula shuga, ndiye ndilankhula za mbali iyi. Iliyonse imene mugule, lemberanani kalata. Dzina la wogulitsa, nambala ya chiphaso chake cha unzika, nambala ya felemu, mtengo, tsiku, ndi mboni ziwiri. Ku Songaniko pemphani kuti amfumu kapena nduna yawo adziwe. Komanso poti ndi katundu wa malemu, funsani ngati abale ena agwirizana nazo, musadzaone mlongo wawo akubwera kuntchito kwanu kudzailanda. Kupezeka ndi katundu wakuba kungakuikeni pamlandu ngakhale munalipira. Nambala ya felemuyo ijambuleni pafoni.

Pa ndalama yanuyo patulanipo ya loko wabwino ndi nyale, yoyera kutsogolo, yofiira kumbuyo. Mwezi wa June ndi July kumada msanga, chiperoni chikabwera oyendetsa magalimoto saona patali.

Wofunsa, Matawale:

Ndabwerako ku Songani, ndinapita ndi pepala lija. Yabuluu ndaisiya, mnyamatayo anakana kuti ndiitembenuze. Ya ku Japan ndi yabwino koma yandichepera, ndamuuza mlamu wanga wamkazi akaione.

Raleigh tinaitsitsa n'kuitsuka pabwalo. Pansi pa mwaye penti ikadalipo, ndi timizere tagolide m'mbali mwa mapaipi. Foloko ndi yowongoka, makwinya palibe. Paipi ya chishalo inakana poyamba, koma titathira parafini n'kudikira pang'ono inazungulira. Agogo, habu ndi yowonda, magiya mulibe. Tayala lalembedwa 28 x 1 1/2. Limu ya kutsogolo ili bwino, koma ya kumbuyo yabooka pafupi ndi valavu, nsonga ya sikulu dalaivala inalowa. Ndinawaonetsa bambowo ndipo atsitsa mtengo popanda kukangana. Za kalata avomera, akuti achemwali awo adzakhalapo ngati mboni.

Mayi a ku Sadzi, mawu anu andigwira mtima. Ndatsimikiza kuti sindiikwera mabuleki asanakonzedwe onse, ndipo tsiku la mvula yamphamvu ndizitsika n'kukankha mpaka pamsewu waukulu. Amakaniko, popeza limu ya kumbuyo ndisintha basi, kodi ndingaike ya aluminiyamu, mwina ndi kutsogolo komwe?

Makaniko wa njinga, Chinamwali:

Pa mabuleki a timitengo n'kovuta, akulu. Amenewa amakokera mphira m'mwamba, n'kugwira kumimba kwa limu pafupi ndi masipoko, osati m'mbali ngati a kebulo. Ndiye amafuna limu yotambalala ya mtundu womwewo, ndipo imene mungaipeze msanga ndi yachitsulo. Gulani yatsopano, masipoko atsopano, mphira zinayi zatsopano, ndipo wolukayo akhale wodekha kuti wilo isavine. Musanapite kushopu werengani mabowo a pa habu. Raleigh zakale zambiri zili ndi masipoko 32 kutsogolo ndi 40 kumbuyo, pamene malimu ena ogulitsidwa ali ndi mabowo 36. Kuti musavutike, ingochotsani wilo yonseyo mupite nayo.